Kishkes: pamene munthu akana chinthu ndi matumbo

Mayi wina wogwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo kufunsa tanthauzo la mawu akuti kishkes, amene abwana ake amawatchula akafuna kukana chinthu osapereka chifukwa, komanso ngati kumva kotereku n'koyenera kukukhulupirira. Funsoli landifika pamtima, chifukwa ndinaphikirapo agogo ena achiyuda mumzinda womwewo, omwe makolo awo anachokera ku Lithuania monga Ayuda ambiri a ku South Africa.

Mawuwa ndi a Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya cholembedwa ndi zilembo za Chiheberi, ndipo anabwerekedwa ku zilankhulo ngati Chirasha, m'mene kishka ndi thumbo. Kishke ndi chakudyanso: thumbo la ng'ombe lotsukidwa bwino, lodzazidwa ufa, mafuta ndi anyezi, lomwe limalowa mumphika wa cholent, chakudya cha pa Sabata, Lachisanu dzuwa lisanalowe n'kumapsa pang'onopang'ono usiku wonse, popeza pa Sabata saphika. Ine wozolowera nthumbwana za mbuzi sindinachite nalo chilendo. Zimene ife timaziika mumtima tikamati mtima wanga ukukana, iwo amaziika m'matumbo.

Agogowo anagulitsa nsalu moyo wawo wonse. Ankangopekesa nsalu pakati pa zala ziwiri, n'kugwira pamimba, n'kunena kuti kishkes zawo zakana, ndipo nsaluyo ikachapidwa inkasukulukadi. Koma tsiku lina supuni ya mbali ya zamkaka itasowa, paja m'khitchini yotere ziwiya za nyama ndi za mkaka sizisakanizidwa, matumbo omwewo anawauza kuti ndaba ndine. Kwa milungu itatu ankandiyang'ana cham'mbali, kufikira supuniyo itapezeka kuseri kwa kabati. Sanapepese, anangondiwonjezera nyama m'mbale.

Kuchokera pamenepo sindivomereza zoti matumbo ali ndi nzeru yachibadwa. Pa nsalu ankalankhula zimene zala zinaphunzira zaka zambiri, pomwe pa ine, mnyamata wochokera kutali amene sanamudziwe bwino, ankalankhula mantha basi, ndipo mwini wake sakanatha kusiyanitsa ziwirizi chifukwa m'mimba zimamveka chimodzimodzi.

Choncho mayi, abwana anu akatchula kishkes pa ntchito imene anakulira, amvereni. Akazitchula pa za inu kapena malipiro anu, apempheni mwaulemu kuti anene chifukwa chenicheni.