Funsani Dokotala: Kodi sitiroberi wofiira kwambiri ndiye wopatsa thanzi?

Funso: Dokotala, mwana wanga wa ku sekondale akuti masitiroberi ali ndi ma antioxidant ambiri, ndipo akuti zimenezi zimachokera m'majini (tinthu ta m'maselo tosunga malangizo a chibadwa) a mbewuyo. Ine ndaonapo ena ofiira mpaka m'kati, ena ofiira kunja kokha, komanso pa intaneti ndinaona zithunzi za oyera mbee. Kodi ofiira kwambiriwo ndiwo abwino m'thupi? Nanga oyerawo si aja asayansi amasintha majini ake? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Zikomo mayi, ndipo mwanayo mumuyamikire chifukwa wanena zoona. Thupi lathu likamapanga mphamvu pogwiritsa ntchito okosijeni, pamatsala tizinthu tolusa totchedwa ma free radical, timene tikachuluka timawononga maselo. Ma antioxidant amaziziritsa ukali wa tizinthu timeneti. Ambiri thupi limadzipangira lokha, ena timawapeza m'zakudya. Mu sitiroberi odziwika kwambiri alipo atatu: anthocyanin, vitamini C ndi ellagitannin. Mwa atatuwa, amene maso anu amamuona ndi woyamba yekhayo. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa yankho lanu lonse lagona pamenepa.

Sitiroberi wamkulu amene amalimidwa masiku ano si mbewu yakale. Mu 1714 Mfalansa wina, Amédée-François Frézier, anabweretsa ku France mbande za mtundu wa ku Chile. Patapita zaka, mtunduwo unasakanikirana m'minda ndi wina wochokera ku North America, n'kubadwa mbewu imene dziko lonse likulima lero. Majini amakhala pa timaulusi ta m'maselo totchedwa makromozomu. Munthu ali ndi makromozomu 46, theka kuchokera kwa mayi theka kwa bambo. Sitiroberi ameneyu ali ndi 56, oikidwa m'magulu asanu ndi atatu, kutanthauza kuti jini imodzi ingathe kupezeka mpaka kasanu ndi katatu, ina yogwira ntchito, ina yofooka, ina yakufa. N'chifukwa chake asayansi anavutika nayo mpaka mu 2019, pamene anamaliza kuwerenga DNA (chinthu chimene majini analembedwamo) ya mtundu wotchedwa Camarosa n'kupezamo majini opitirira 100,000. Muonenso apa chifukwa chimene mitundu iwiri ya sitiroberi ingasiyanire kwambiri pa kuchuluka kwa zinthu zitatu zija ngakhale italimidwa m'munda umodzi.

Tsopano za kufiira. Utoto wofiirawo ndi anthocyanin, makamaka mtundu wake wotchedwa pelargonidin. Kuti upangidwe pamafunika majini angapo ogwira ntchito motsatizana, koma onsewo amadikira lamulo kuchokera kwa jini imodzi yotchedwa MYB10. Imeneyi ili ngati kapitawo: antchito angakhalepo onse ndi zida zawo m'manja, koma iye akapanda kulankhula palibe chichitike. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020 anasonyeza kuti m'mitundu yambiri yoyera, MYB10 inawonongeka yokha mwachibadwa. Anapezanso kuti mitundu yofiira mpaka m'kati ili ndi kachidutswa ka DNA kamene kanalowerera patsogolo pa jiniyo, n'kumaichititsa kugwira ntchito ngakhale mu mnofu wa chipatso osati pakhungu pokha. Choncho mukadula awiri pakati, wina n'kukhala woyera m'kati wina wofiira psuu, nthawi zambiri kusiyanako n'kwa mtundu, osati kuti winayo sanapse.

Koma jini payokha sikwanira. MYB10 imadzutsidwa ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo kutentha kopitirira muyeso kumaifooketsa. Mukatembenuza chipatso chimene chinabisala pansi pa masamba mudzaona mbali imodzi yotumbululuka, pamene majini a mbali zonse ziwiri ndi amodzimodzi.

Za oyerawo musade nkhawa. Anthu a mtundu wa Mapuche ku Chile ankalima masitiroberi oyera kalekale, azungu asanafike kumeneko, nthawi imene kunalibe aliyense wodziwa za DNA. Oyera amene mwaona pa intaneti, monga otchedwa pineberry, anabwera posakaniza mitundu monga mmene alimi akhala akuchitira kuyambira kale. Anthocyanin ali nayo yochepa, zimenezo n'zoona, koma vitamini C ndi ellagitannin ali nazo, chifukwa zimenezi zimayendetsedwa ndi majini ena.

Vitamini C ndiye amene ine monga dokotala ndimamuwerengera kwambiri, chifukwa phindu lake m'thupi n'losakayikitsa: amathandiza zilonda kupola, amalimbitsa nkhama, komanso amathandiza thupi kutenga ayironi m'zakudya zamasamba. Magalamu 100 a masitiroberi, amene ndi pafupifupi odzaza dzanja, ali ndi mamiligalamu pafupifupi 59, pamene munthu wamkulu amafunika 75 mpaka 90 patsiku malinga ndi muyeso wa ku America. Mu 2003 asayansi a ku Spain anafotokoza za jini ya sitiroberi yotchedwa GalUR, imene imathandiza chipatso kupanga vitamini C kuchokera ku zidutswa za makoma a maselo ake pamene chikufewa. Ife anthu tili ndi jini yotchedwa GULO imene ikanatipangira vitamini C, koma inasiya kugwira ntchito mwa anthu onse, n'chifukwa chake timadalira zakudya.

Ellagitannin wambiri ali m'timbewu tija ta pakhungu la chipatso. Mabakiteriya a m'matumbo amamusandutsa chinthu china chotchedwa urolithin, koma si munthu aliyense amene ali ndi mabakiteriya otha kuchita zimenezi. Anthu awiri angadye mbale imodzi n'kupindula mosiyana.

Ndiye posankha, mayi, yang'anani kupsa kuposa mtundu. Sitiroberi akathyoledwa sawonjezeranso kutsekemera, choncho kwa mitundu yofiira sankhani amene afiira mpaka m'khosi pafupi ndi timasamba. Mutsuke pokhapokha mukufuna kudya, ndipo mudye asanakhalitse, chifukwa vitamini C amachepa chipatso chikasungidwa nthawi yaitali kapena chikaphikidwa.

Funso: Ndine bambo wa zaka 52 ndipo ndimasuta. Ndaona mapiritsi a ma antioxidant, ena akuti anapangidwa kuchokera ku zipatso ngati masitiroberi. Kodi angandithandize kupewa khansa ndi matenda a mtima?

Yankho: Bambo, ndikuyankheni mosabisa mawu: ayi, musadalire mapiritsi amenewo, ndipo ena mwa iwo angakupwetekeni. Ku Finland kunachitika kafukufuku wa amuna osuta pafupifupi 29,000, ndipo zotsatira zake mu 1994 zinadabwitsa madokotala: amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, amenenso ndi antioxidant, anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa anzawo, ndi 18 peresenti. Kafukufuku winanso wofanana naye ku America anaimitsidwa mu 1996 nthawi yake isanakwane pa chifukwa chomwecho. Mu 2012 unduna wa zaulimi ku America unachotsa ndandanda yake yoyika zakudya m'magulu potengera mphamvu ya ma antioxidant, chifukwa zimene zimaoneka m'botolo la mu labu sizimene zimachitika m'thupi la munthu. Anthocyanin amene tadya, ndi wochepa kwambiri amene amafika m'magazi ali mmene analili m'chipatso.

Chipatso chenichenicho ndi nkhani ina. Kafukufuku wa mu 2013 amene anatsatira amayi pafupifupi 93,600 ku America kwa zaka 18 anapeza kuti amene ankadya zakudya zokhala ndi anthocyanin wambiri, makamaka masitiroberi ndi mabuluberi, ankagwidwa ndi vuto la mtima la mwadzidzidzi mocheperako, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Komabe kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, osati kuti chimodzi chinachititsa chinzake, chifukwa anthu odya zipatso kawirikawiri amasamalanso moyo wawo m'njira zina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, zamitundumitundu. Idyani zimenezo. Koma chimene chingakutetezeni koposa zonse ndi kusiya fodya, ndipo kuchipatala angakuthandizeni kutero. Mukapita, akayezenso kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Funso: Mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi amayabwa milomo akadya masitiroberi. Ndimupatse oyera?

Yankho: Kuyabwa kotero kawirikawiri kumabwera chifukwa cha puloteni ya m'chipatso yotchedwa Fra a 1. Mitundu ina yoyera inapezeka kuti ili nayo yochepa, koma sikuti ilibiretu, choncho musayese nokha kunyumba. Muyambe mwamuletsa kudya masitiroberi a mtundu uliwonse mpaka dokotala atamuona. Ngati tsiku lina atatupa lilime kapena nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse, kusanza kapena kubanika popuma, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.