Mantha a pa renki ku Joni

Mayi wina wa ku Mangochi, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, wandilembera pa imelo. Akuti anaona gulu la anthu likumenya mnyamata pa renki ya mataxi m'tauni, likumunena kuti ndi kwerekwere, dzina lonyozera anthu ochokera m'mayiko ena. Chichitikireni zimenezo, akangomva anthu akukuwa mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo tsiku lopuma amangodzitsekera m'nyumba. Akufunsa kuti, "Kodi mutu wanga wayamba kusokonekera?"

Ayi achemwali, mutu wanu uli bwinobwino. Zimene mukuopazo n'zenizeni. Mu May 2008 chipwirikiti cholimbana ndi anthu ochokera m'mayiko ena chinayambira ku Alexandra, mu Johannesburg, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 zinabuka ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Masiku ano kuli a Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa anthu ochokera m'mayiko ena. Munthu wokuuzani kuti palibe choopa akukunamizani.

Koma mantha enawa akuchokera m'foni mwanu. M'magulu a WhatsApp a a Malawi mumazungulira mavidiyo a anthu akuwotchedwa, ndi mawu oti "zayambanso, musatuluke mawa." Ambiri amakhala akalekale, ena si a ku South Africa n'komwe. Thupi silifunsa kuti vidiyoyi ndi ya chaka chanji. Mukaionera usiku pogona, limangomva ngati muli pa renki paja. Lekani kuwatsegula. Mukafuna kudziwa ngati njira ili bwino, imbirani mnzanu amene ali komweko, kapena mverani wailesi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kudzitsekera kuja. Mukaleka kutuluka mumamva bwino tsiku limenelo, koma mawa lake mantha amadzuka atanenepa. Yambani ndi pafupi: kasitolo ka pakona, m'mawa kunja kukuwala, muli ndi mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti. Mtima ukayamba kugunda musathawe pomwepo. Imani chotsamira khoma, kokani mpweya pang'onopang'ono, ndipo potulutsa muzichedwa kuposa pokoka. Dikirani mtima ukhazikike, kenako muzibwerera. Pa renki mudzafikapo pambuyo, osati sabata ino.

Kukonzekeratu kumapepusanso mtima. Nambala ya polisi ndi 10111, ndipo 112 imalowa pa foni ya m'manja ngakhale mulibe mayunitsi. Jambulani pasipoti ndi mapepala anu, zithunzizo mutumizeko kwa m'bale. Dziwani kumene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi: ku Pretoria, ndiponso ina mu Johannesburg momwemo. Mukaona anthu akuunjikana, masitolo akutsitsa zitseko masanasana, bwererani osafunsa kuti kwatani. Ife a Malawi timakonda kuimirira kuti tione, koma kumeneko n'kudziputira.

Alipo amene adzakuuzeni kuti "ingobwerani kumudzi." Kunena n'kosavuta kwa munthu amene sakulipirira ana fizi. Zimenezo mudzasankha nokha, koma musasankhe usiku umene simunagone.

Mwezi ukatha mukulotabe za mnyamata uja, kapena mukulephera kudya ndi kugwira ntchito, pitani ku kiliniki mukawafotokozere anamwino monga mwandifotokozera ine. Kulinso bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika ndi nkhawa, limene limapereka uphungu pa foni. Abwana anunso auzeni, mwina angalole kuti muziweruka kusanade.