Bulangeti la khanda loluka pamanja: ulusi, masitichi ndi malo amene anthu amaphonya

Mayi wina watilembera pa imelo kuti mlamu wawo ndi woyembekezera, ndipo kwatsala miyezi iwiri kuti achire. Akufuna kupatsa khandalo bulangeti loluka okha. Amadziwa masitichi awiri basi, knit (imene kutsogolo imaoneka ngati chilembo V) ndi purl (imene kutsogolo imaoneka ngati kabulu kopingasa), ndipo chachikulu chimene analukapo ndi sikafu. Akufunsa kuti: “Kodi ndingakwanitse? Ndigule ulusi wotani, wochuluka bwanji, nanga ndiyambe ndi masitichi angati?”

Mungakwanitse, mayi. Masitichi awiriwo akukwanirani, ndipo musataye nthawi kusakasaka kalukidwe ka maluwamaluwa. Bulangeti la mwana limakoma ndi zinthu ziwiri: ulusi wopirira kuchapidwa kawirikawiri, ndi m'mphepete mogona bwino mosapindika. Zina zonse ndi kudekha.

Tiyambe ndi ulusi, poti ndi pamene mphatso zambiri zimafera zisanalukidwe. Pa kapepala kokulunga ulusi pamalembedwa makulidwe ake. Ambiri amathamangira wowonderako, wolembedwa DK, chifukwa ndi umene amalukira timajuzi ta ana, koma inu tengani wonenepako wa aran, umene makampani ena amalemba kuti worsted. Chifukwa chake ndi masamu. Bulangeti la masentimita 75 m'lifupi ndi 90 m'litali limafuna masitichi oposa 44,000 mukaluka ndi DK, pamene ndi aran amangokwana pafupifupi 30,000. Munthu woluka masitichi 20 pa mphindi angathe la aran m'maola 25, la DK m'maola 37. Kwa inu amene mwatsala ndi miyezi iwiri, ndiye kuti theka la ola tsiku lililonse likukwanirani.

Nanga ulusiwo ukhale wopangidwa ndi chiyani? Khanda limabwezera mkaka, thewera limadontha, ndipo bulangeti lidzalowa m'madzi mobwerezabwereza. Wa acrylic wofewa ndi umene timalangiza woyamba kumene: umachapika mosavuta, umauma msanga, sukhwinyata. Wa thonje ndi wabwino kumalo otentha, koma ndi wolemera, sutamuka, umatopetsa zala, ndipo sitichi iliyonse yokhota imaonekera poyera. Wa ubweya wa nkhosa umafunda bwino, koma mugule wokhawo wolembedwa kuti superwash, chifukwa winawo ukachapidwa m'madzi otentha n'kufikisidwa umagwirana n'kuchepa, ndipo subwereranso. Wa mohair ndi wina uliwonse wothothoka timaubweya usiyeni, timaubweyato timalowa m'kamwa ndi m'mphuno mwa mwana. Musanagule, khudzitsani ulusiwo pakhosi panu. Ukakuyabwani inu, mwana sangaupirire.

Gulani magalamu 500, kutanthauza mipukutu isanu ya magalamu 100. Onaninso kutalika kwake pa kapepala kaja: mukufuna mamita 800 mpaka 900 onse pamodzi. Pa kapepala komweko pali nambala ya mtundu ndi nambala ina yosonyeza gulu la ulusi umene unanyikidwa mu utoto nthawi imodzi. Nambala yachiwiriyi ifanane pa mipukutu yonse. Ikasiyana, m'sitolo simuona kanthu, koma bulangeti likayalidwa padzuwa mudzaona mzere pamene ulusi unasinthira. Ulusi wakuda kapena wabuluu wodera ndi wovuta kuona masitichi ake, makamaka usiku.

Singano zikhale za mamilimita 5. Masitichi a bulangeti ndi ambiri moti pa singano zowongoka amathithikana n'kumapulumuka, ndiye gulani singano ziwiri zija zolumikizidwa ndi kachingwe, kachingweko kakhale ka masentimita 80 kapena 100. Simuluka mozungulira ayi. Mukafika kumapeto kwa mzere mumatembenuza ngati mwa masiku onse, kungoti kulemera kwa bulangeti kumakhala pamiyendo panu osati m'manja. Mufunikanso tepi yoyezera, sizasi, singano yaikulu yosasongoka yobisira ulusi, ndi koloshi imodzi, singano ija yokhala ndi kambedza kunsonga.

Musanayambe, lukani kachidutswa koyesera. Tikudziwa kuti ambiri amadumpha pamenepa. Ikani masitichi 24, lukani mzere wa knit, wina wa purl, mpaka kafike masentimita 12, kenaka muwerenge masitichi amene ali mu masentimita 10 apakati. Akhale 18. Mukapeza 20 kapena kuposa, dzanja lanu ndi lothina, tengani singano za mamilimita 5.5. Mukapeza 16, mukulekerera ulusi, tsikani pa 4.5. Kachidutswako mukachape momwe bulangeti lizidzachapidwira. Ngati ulusi ukusuluka kapena kutuluka timibulu, ndi bwino mudziwe lero.

Tsopano kalukidwe. Ikani masitichi 136 pa singano. Ngati mumayamba ndi njira yosiya ulusi wautali kumapeto, siyani mamita atatu, chifukwa palibe chowawa ngati kuthera ulusi pa sitichi ya 120. Musamangitse poika masitichi oyambawa.

Lukani mizere 14 ya knit yokhayokha. Uwu ndiye mpendero wa m'munsi. Kenaka ikani kalupu ka ulusi wa mtundu wina pambuyo pa masitichi 8 oyamba, kena masitichi 8 omaliza asanafike. Masitichi 8 a mbali iliyonsewa muziwaluka knit pa mzere uliwonse mpaka bulangeti lithe. Mpenderowu si wokongoletsa chabe. Nsalu yolukidwa knit kutsogolo ndi purl kumbuyo imadzikulunga yokha m'mbali, ndipo ngakhale muipsinje ndi mabuku sabata yathunthu, idzabwerera. Mpendero wa knit yokhayokha ndi umene umaigwira.

Pakati patsala masitichi 120, ndipo muwagawa m'timabokosi 12 ta masitichi 10. Mzere wake ndi uwu: knit 8 a mpendero, kenaka knit 10 ndi purl 10 mobwereza kasanu ndi kamodzi, n'kumaliza ndi knit 8. Ubwino wa timabokosi 12 ndi woti mzere wobwerera ndi chimodzimodzi, simusowa kukumbukira ngati muli kutsogolo kapena kumbuyo. Bwerezani mzere umenewu mpaka ikwane 14. Ndiye sinthani: knit 8, kenaka purl 10 ndi knit 10 kasanu ndi kamodzi, knit 8, mizere 14 inanso. Muzisinthanitsa choncho mpaka timabokosi tosanjikizana kuchokera pansi tikwane 14, kapena mpaka tepi ionetse masentimita 86. Malizani ndi mizere 14 ya knit. Bulangeti lotere limaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, zimene n'zofunika chifukwa palibe kholo limene limayang'ana kumaso kwa bulangeti pakati pa usiku mwana akulira.

Pamene mukuchoka pa knit kupita pa purl, bweretsani ulusi kutsogolo podutsa pakati pa singano ziwirizo, osati pamwamba pa singano. Pobwerera ku knit, ubwezeni kumbuyo njira yomweyo. Apa ndi pamene oyamba kumene amalakwitsa kwambiri: ulusi ukadutsa pamwamba umapanga sitichi yatsopano ndi kabowo pansi pake. Chinanso chochulukitsa masitichi chimachitika koyambirira kwa mzere, ulusi ukakokedwa cha kumbuyo pamwamba pa singano, sitichi yoyamba imaoneka ngati ziwiri ndipo munthu amaluka zonse. Bulangeti limayamba kukula cha m'mbali osadziwa. Werengani masitichi nthawi iliyonse mukasintha timabokosi. Kabokosi kalikonse kakhale ndi 10, ndiye cholakwa chimapezeka msanga.

Sitichi ikapulumuka n'kutsika mizere ingapo, musamasule bulangeti. Ikoleni ndi koloshi, tembenuzani nsalu kuti mbali yooneka ngati chilembo V ikuyang'aneni, ndipo muzikoka timaulusi topingasa tija kamodzikamodzi kudutsa m'kati mwa sitichiyo, kuyambira kapansi, mpaka mufike pa singano.

Ulusi ukatsala pang'ono kutha, musayambe mzere umene simuumaliza. Mzere umodzi umadya ulusi wotalika pafupifupi katatu kapena kanayi kuposa m'lifupi mwa bulangeti. Lumikizani watsopano kumayambiriro kwa mzere, kusiya masentimita 15 a wakale ndi 15 a watsopano. Mfundo ayi. Mfundo imamasuka pochapa, ndipo ikapanda kumasuka imakanda khungu. Mukamaliza zonse, lowetsani nsonga iliyonse mu singano yosasongoka ija, muiyendetse m'masitichi masentimita asanu mbali imodzi, n'kuibweza masentimita atatu, kenaka mudule.

Potseka masitichi omaliza gwiritsani ntchito singano yokulirapo, ya mamilimita 6, kudzanja lamanja. Ambiri amatseka mothinitsa ndipo kumtunda kwa bulangeti kumafupika kuposa kumunsi.

Lichapeni musanalipereke, m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, ndi sopo wosanunkhira kwambiri. Osalipotokola. Likulungeni mu thaulo, finyani, muliyale pansi pamthunzi mukuwongola ngodya zake ndi manja. Likapachikidwa pachingwe lili lonyowa limatamuka ndi kulemera kwa madzi. Simbi isayandikire ulusi wa acrylic, umasungunuka n'kuphwatalala mpaka kalekale.

Mudzafuna kuwonjezera kanthu kokometsera, poti ndi mphatso. Mabatani, mikanda, maliboni ndi mphonje zolendewera musaikepo, chifukwa mwana amakoka chilichonse n'kuika m'kamwa. Mabowo akuluakulu nawonso amakola tizala ta m'manja ndi ta kumapazi, n'chifukwa chake sitinakupatseni kalukidwe kobowokabowoka ngakhale kamakongola. Mukafuna mitundu iwiri, lukani mpendero wa m'munsi ndi wa kumtunda ndi ulusi wina wa makulidwe omwewo.

Madokotala a ana amachenjeza kuti khanda losakwana chaka lisagone lokha ndi chofunda chotayirira chimene chingaliphimbe kumaso. Bulangeti lanulo ntchito yake ndi kufunditsa mwana ali m'manja, poyamwa, pa ulendo, kapena kumuyalira pansi akusewera wamkulu ali pomwepo. Popereka, phatikizanipo kapepala kamodzi ka ulusi kaja kuti alamu anu aone kachapidwe kake, ndi ulusi wotsala mamita angapo wodzakonzera pakadzabowoka.

Ngati mwana angafulumire kubadwa musanamalize, yezani. Likafika masentimita 71, malizani mzere wa timabokosi umene mulipo, lukani mpendero wa mizere 14 n'kutseka. Lidzakhala la masentimita pafupifupi 75 mbali zonse, ndipo khanda la miyezi yoyambirira limakwanamo bwinobwino.