Chizindikiro chija si cha Hitler

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake fano la Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Abuda, lomwe mwaona pachithunzi lili ndi chizindikiro chonga cha Hitler pachifuwa. Mtima m'malo. Chizindikirochi chimatchedwa swastika, ndipo swastikayo inalipo kalekale ku India, zaka masauzande chipani cha Hitler cha Nazi chisanaitenge mu 1920. Kwa Abuda imaimira mwayi ndi madalitso, ndipo amailemba pachifuwa, m'zikhatho kapena kumapazi kwa Buddha. Ku Japan mpaka pano amaiika pa mapu posonyeza pomwe pali kachisi.

Yang'anitsitsaninso chithunzicho. Ya Abuda imakhala yoongoka, kawirikawiri yoloza kumanzere, pomwe ya Nazi ndi yopendekeka, yakuda, m'bwalo loyera pansalu yofiira. Ine ndimati mlandu ndi wa wakubayo, osati mwini wake.

Chizindikiro chachikulu cha Abuda n'china: gudumu la masipoko 8, kuimira mbali 8 za njira yothetsera kuvutika. Pamadenga a akachisi a ku Tibet amaika agwape awiri m'mbali mwake, pokumbukira ulaliki woyamba wa Buddha ku Sarnath, malo a agwape ku India. Gudumu la pa mbendera ya India ndi lomweli, koma ndi la Ashoka, mfumu yakale ya dzikolo, la masipoko 24.