Mbiri ndi chikhalidwe si zongodzazira nthawi pa maphunziro a zamalamulo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi akukupatsirani mabuku a mbiri ndi a chikhalidwe cha anthu pomwe inu mudapita kuyunivesite kukaphunzira malamulo. Musawataye mabukuwo.

Tengani lamulo la vakabu. Mukangoloweza ndime 184 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, mudziwa zoti apolisi ankagwira munthu wopezeka pamalo usiku pomukayikira. Basi. Koma mukawerenga mbiri, muona kuti lamuloli lidabwera ndi atsamunda ochokera ku Britain. Kenako kaimeni pamsika wa Mzuzu mbandakucha, muone amene amayenda nthawi imeneyo: amayi osenza madengu a usipa ndi nthochi za ku Nkhata Bay, anyamata a kabaza. Wapagalimoto sankagwidwa vakabu ayi. Mu 2017 khoti lalikulu lidagamula kuti mbali ina ya ndimeyi ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa mlandu wa wogulitsa majumbo amene adamangidwa akulawirira ku geni.

Za malo ndi ukwati nazonso n'chimodzimodzi. Kuno kumpoto ambiri amalowola, pomwe madera ambiri akummwera n'chikamwini, ndiye mlandu wa munda wa mayi wamasiye simungaumvetse osadziwa mwambo wa kwawoko. Ndimezo lowezanibe, mayeso sakhululuka.