Funsani Anamwino: Matewera Ochapa Pamene Mpopi Wauma

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga athu a mu Harare, ndipo ambiri akufunsa za katundu wa ana amene sawononga chilengedwe. Akuyankha ndi anamwino ndi azamba amene amatithandiza pa tsamba lino.

Ndatopa, mwezi wamawa ndi wanga. Apongozi akuti ndigule matewera ansalu, koma kuno ku Mabvuku mpopi umakhala wouma, madzi timakatunga kumjigo. Kodi ndingakwanitse? Mayi woyembekezera, Mabvuku

Mungakwanitse mayi, koma yambani mwawerenga ndowa musanawerenge ndalama. Khanda limasinthidwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku. Kuti muzichapa modumphitsa tsiku limodzi, mufunika matewera athaulo 24, akukula masentimita 60 mbali zonse, timakabudula tapulasitiki 4 kapena 5, mapini okhala ndi chotsekera, ndi chidebe cha chivundikiro cholimba. Atsopano achapeni katatu musanamuveke mwana, chifukwa thonje lochokera kusitolo silimwa bwino mkodzo.

Thewera likada, yambani mwakokolola bibi ndi kutaya m'chimbudzi, tsukuluzani pang'ono, finyani, ponyani m'chidebe chopanda madzi. Kale amayi ankawanyika usiku wonse, koma madzi ogonawo amangoweta fungo, amatha nsalu, ndipo chidebe chodzaza ndi msampha kwa mwana amene wayamba kukwawa. Tsiku lochapa konzani ndowa zitatu za malita 20. Theka la ndowa yoyamba, ozizira, ndi lochotsera mkodzo. Kenako sopo ndi madzi otentha oti dzanja silingapirire nthawi yaitali. Vundulani ndi ndodo kufikira atazizirako. Otsalawo ndi otsukuluzira, kawiri, mpaka thovu litatheratu. Apa m'pamene ambiri amaumira madzi, ndipo sopo wotsalira m'nsalu ndi amene amaotcha matako a mwana.

Ngati madzi a pamjigo wanu savuta kuchita thovu, zili bwino. Ngati amavuta, sopo wamtanda amasiya zoterera zimene zimaumitsa thewera ngati chikumba. Gwiritsani sopo waufa, ndipo m'madzi omaliza thiranimo theka la kapu ya viniga woyera. Mankhwala ofewetsa zovala aja asiyeni, amamata ulusi ndipo mkodzo umangodutsa pamwamba.

Mwana akatsegula m'mimba, chapani kaye monga mwa masiku onse, kenako nyikani matewera kwa mphindi 30 m'malita 5 a madzi ozizira othira masipuni aakulu awiri a Jik. Musathire Jik pa matewera a mkodzo osachapa, ndipo musaphatikize ndi viniga: zonse ziwirizi zimatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa.

Madzi oyamba aja, a bibi, apite m'chimbudzi basi, osati m'ngalande kapena m'dimba la masamba. Amene anaona kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro safuna kuuzidwa kawiri. Otsukuluzira omaliza ndiwo mungakolopere kapena kugujumulira chimbudzi.

Yanikani pachingwe padzuwa, osati paudzu kapena pampanda wamaluwa. Nyengo yamvula kuli ntchentche imene anzathu kuno amati putsi. Imakonda kuikira mazira pa nsalu yachinyezi yonunkha mkodzo, makamaka pamthunzi. Mphutsi yake imalowa pakhungu la mwana, n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Simbi yotentha imapha mazirawo, choncho sitani mbali zonse ziwiri, ngakhale ndi simbi yamakala magetsi akathima.

Sabata imene madzi asoweratu, kugula paketi ya otaya si tchimo. Thewera losachapidwa bwino ndi loopsa kuposa lotaya.

M'sitolo ina ku Avondale ndaona matewera otaya olembedwa kuti amaola okha. Mtengo wake ndi wokwera. Ndigule? Bambo wa mapasa, Highfield

Bambo, werengani bwino paketiyo. Kawirikawiri chimene chimaola ndi gawo chabe, monga pepala lapamwamba lopangidwa ndi nsungwi kapena chimanga. Mkati mumakhalabe ufa uja womwa madzi n'kusanduka phala loterera, sodium polyacrylate, komanso malamba ndi zomatira zapulasitiki. Ndiponso kuola kumafuna mpweya. Thewera lomangidwa m'jumbo n'kukwiriridwa pansi pa mulu wa zinyalala ku Pomona silipeza mpweyawo.

Kwa ife, nkhani yaikulu ndi kumene thewera likupita. Likaponyedwa m'chimbudzi chamadzi limafufuma n'kutseka paipi, suweji n'kuphulikira mumsewu. Zotayidwa m'ngalande mvula imazikokolera mu mtsinje wa Mukuvisi, ndipo madzi a Mukuvisi amakathera m'nyanja ya Chivero, mmene mzinda uno umatunga madzi akumwa. Kuwotcha nakonso ayi: thewera lonyowa silipsa, limangofuka utsi wapulasitiki. Tayani bibi m'chimbudzi, kulungani thewera, mangani m'jumbo pamene agalu safika, lidikire galimoto ya zinyalala. Ndalama yoonjezerayo, poti ana ndi awiri, ikanagula ansalu oti azivala masana ali pakhomo.

Zovala za mdzukulu wanga ndimagula pa kaunjika ku Mupedzanhamo. Mwana wanga akuti n'zauve. Nanga mabotolo ndi zidole za pomwepo? Agogo, Mbare

Agogo, pa zovala mwakhoza ndinu. Khanda limasiya chovala miyezi iwiri kapena itatu chisanathe n'komwe, choncho za m'mabhero, monga amanenera kuno, zimapulumutsa thumba ndi thonje lomwe. Chapani ndi madzi otentha, yanikani padzuwa, sitani. Kokani batani lililonse, logwedera lichotseni. Zingwe za m'khosi sololani.

Botolo ndi nkhani ina. Tembenuzani muone nambala ili m'kachizindikiro ka makona atatu pansi pake. Nambala 5 kapena zilembo PP ndi pulasitiki yabwino. Nambala 7 yokhala ndi PC ikhoza kukhala ndi BPA, mankhwala amene mayiko a European Union anawaletsa m'mabotolo a ana mu 2011, ndipo katundu wakale wa pa kaunjika angakhale wa nthawi imeneyo isanafike. Lokandikakandika mkati lisiyeni, m'mizeremo mumabisala mkaka. Nsonga yoyamwira ikhale yatsopano nthawi zonse. Komatu mwana woyamwa bere lokha miyezi 6 yoyamba, monga limalangizira bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, safuna botolo, ndipo akayamba kumwa zina, kapu yachitsulo imatsukika msanga kuposa botolo lililonse.

Chidole chilichonse chimene chingalowe m'kachubu ka pepala la m'chimbudzi chingamutsamwe mwana wosakwana zaka 3. Cha penti yosupuka musatenge. Choyimba kapena chowala chionetseni pamene pamakhala batire: ngati chitseko chake chilibe sikuluwu, chibwezeni, chifukwa kabatire konga batani kakamezedwa kamaotcha kummero m'maola ochepa.

Paudala ndi wofunika? Mayi wa ana atatu, Epworth

Ayi mayi. Fumbi lake mwana amalipumira m'mapapo, kaya ndi la talc (ufa wa mwala wofewa) kaya la chimanga, ndipo kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa wa talc padziko lonse mu 2023. Pukutani ndi kansalu ndi madzi ofunda, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, musiyeni mwana mbulanda pachitenje kwa mphindi 10, kenako pakani Vaseline pang'ono kapena mafuta a zinc oxide. Mukapaka ambiri, yalani kansalu kopyapyala mkati kuti mafuta asamate thewera. Zilonda zikapyola masiku atatu, kapena zikafiira kwambiri mpaka m'mphechepeche muli timadontho m'mbali, pitani naye kukiliniki. Zimenezo zimafuna mankhwala a mafangasi.