Sushi wa nsomba za konkuno mu Joni mopanda nyanja

Achemwali ena a ku Mangochi, omwe akugwira ntchito ku Randburg mu Joni, ku South Africa, anditumizira imelo. Anzawo akuntchito akufuna kukawadyetsa sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga ndi nsomba yaiwisi, ku Rosebank mu Joni momwemo, pa lesitilanti yomwe imalengeza kuti nsomba zake ndi za m'dziko lomwe lino komanso zogwidwa mosawononga nyanja. Iwo akufunsa kuti, "Joni ilibe nyanja, ndiye za konkunozo ndi ziti? Si njira yongokwezera mtengo imeneyi? Nanga nsomba yaiwisi sindidwala nayo?"

Achemwali, pitani mukadye, koma kukayika kwanuko mupite nako.

N'zoona, nyanja ili kutali. Durban ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570, Cape Town pafupifupi 1,400. Nsomba yam'nyanja iliyonse imene mungadye mu Joni yabwera pa ndege kapena pa galimoto zoziziritsa. Akamati ya konkuno amatanthauza kuti ndi ya m'madzi a South Africa. Izi n'zofunika chifukwa salmon yofiirira ija, yomwe yadzadza m'mbale za sushi, yambiri ndi yoweta ndipo imachokera ku Norway. Lesitilanti yonena zoona imayesetsa kuika zina m'malo mwake: trout yoweta m'madzi ozizira a ku Mpumalanga kapena ku damu la Katse ku Lesotho, yellowtail ya ku Cape yogwidwa ndi mbedza, tuna yowedzedwa imodziimodzi ndi mtengo ndi chingwe, ndi nkhono zoweta ku Saldanha Bay.

Mudziwa bwanji kuti sakunama? Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linayambitsa mu 2004 ndondomeko ya SASSI yothandiza ogula kusankha nsomba zogwidwa mosawononga nyanja, ndipo imaika nsomba m'magulu atatu: lobiriwira, laolenji ndi lofiira. Zobiriwira idyani momasuka, zaolenji ganizani kawiri, zofiira zisiyeni. Ali ndi app yaulere, mumangolemba dzina la nsombayo pafoni. Nkhanu yotchuka ya kugombe lakumadzulo, yomwe kuno amati kreef, inalowa m'gulu lofiira mu 2016. Mukaiona pa menyu ya malo odzitama kuti amasamala nyanja, mwapeza kale yankho lanu.

Weta akabwera, mufunseni mwaulemu zinthu zitatu: nsomba yanji iyi, yachokera kuti, anaigwira bwanji. Musachite manyazi. Kumalo oona amayankha mosavuta, kapena amakafunsa wophika n'kubwera ndi yankho. Malo ena amagula kudzera ku Abalobi, njira yolumikiza asodzi ang'onoang'ono ndi malesitilanti, moti mumatha kuona pafoni amene anawedza nsombayo ndi doko lomwe inatsikira. Akangoti "ndi yatsopano, mayi" osatchula dzina lake, pamenepo mtengo wokwerawo mukulipirira mawu a pachikwangwani basi.

Tsono inu a ku Mangochi nkhaniyi mukuidziwa kuposa anzanu a ku Rosebank. Akuluakulu kwanu amakumbukira chambo cha ku Malombe chikudzadza mabwato, ndipo amakumbukiranso m'mene chinazilalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti audzudzu, anakokolola ndi kasawala yemwe, asanakule n'kuswana. Mu 2018 bungwe la padziko lonse losamala zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Lero mayi wa m'mphepete mwa nyanja amapita pamsika, kuchiyang'ana chambo, kufunsa mtengo, n'kubwerera ndi kamulu ka usipa. Zimandiwawa kwambiri zimenezi. Koma ku chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo yadzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, utaka umapezekabe ndithu. Ndiye kusamala nsomba si nzeru ya anthu olemera okha ayi, makolo athu anaiyamba kale. N'chifukwa chake ndimati lesitilanti ikamachitadi zomwe ikunena, ndalama yowonjezerayo siipita pachabe.

Za kudwala musade nkhawa kwambiri, bola malowo akhale aukhondo. Nsomba yabwino imakhala yolimba, yowala, yozizira, ndipo siinunkha. Ikangotulutsa fungo, ibwezeni. Ngati muli oyembekezera kapena thupi lili lofooka, yaiwisi ilekeni, muitanitse yophika kapena ya mapeyala ndi nkhaka. Ndipo musakayese kunyumba ndi chambo kapena mlamba, chifukwa nsomba za m'madzi opanda mchere zimakhala ndi tinyongolotsi tomwe timafa pophika.

Poyamba itanitsani zokulungidwa mumpunga, zing'onozing'ono, musanafike pa minofu yokhayokha ija yotchedwa sashimi. Kaphala kobiriwira ka pambali, wasabi, tengani kadontho chabe, chifukwa kamabaya m'mphuno mpaka misozi. Timitengo todyera tikakuvutani, dyani ndi manja monga kwathu, ku Japan komwe amatero. Yellowtail ikapezeka tsikulo, yambirani imeneyo, ndipo mudzandilembere kuti weta anakuyankhani zotani.